Zida zokonzera mabuleki nokha: zoyenera kugula zolimba ndi zosafunika kutayira ndalama

Funso: "Ndakhala ndikusintha ndekha oyilo ndi mapulagi a galimoto yanga, Toyota Corolla yakale, ndipo tsopano ndikufuna kuyamba kusintha ndekha mapadi a mabuleki. Ndinagula bokosi lalikulu la masipanala otsika mtengo, koma ratchet yake inathyoka mano tsiku loyamba lomwe, ndikumasula bawuti ya kalipa. Ndigule zida ziti zoti zindikhalitse? Nanga chida cholimba ndingachidziwe bwanji ndisanalipire?"

Yankho:

Pepani ndi ratchet yanuyo, chogwirira chija cha mano chozungulitsira masoketi, koma ndiloleni ndiikhalire kumbuyo pang'ono. Mwina inalidi yosalimba, komabe ntchito imene munaipatsa si yake. Mabawuti awiri akuluakulu amene amagwira chitsulo chonyamula kalipa (kalipa ndi chija chimapanikiza mapadi pa disiki), aja a mutu wa 17 mm pa ma Corolla ambiri, amamangidwa ndi mphamvu ya pafupifupi 100 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), ndiye muonjezepo dzimbiri ndi kutentha kwa zaka zambiri. Ratchet yokhala ndi chogwirira cha masentimita 20 imafuna kuti muikankhe ndi mphamvu yonga ya katundu wa makilogalamu 50 kuti ifike pa 100 Nm, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa timano tiwiri kapena titatu m'kati mwa mutu wake. Munthu akaona kuti bawuti sikusuntha amapondapo ndi phazi, kapena kulowetsa paipi ku chogwirira. Pamenepo ngakhale ratchet yodula imalira.

M'zaka zanga zonse zogwira mabuleki, zida zambiri zimene ndaona zitafa zinafa chifukwa chotumidwa ntchito ya chida china. Ndiye langizo langa ndi loti musagulenso bokosi lina lalikulu. Pa zidutswa zoposa 100 za m'mabokosi amenewo, mabuleki a galimoto yanu afuna mwina khumi. Ndalama yanu iikeni pa zida zochepa zimene zikalephera zimakuvulazani kapena kukuwonongerani bawuti yovuta kuipeza, ndipo zina zonse mugule zamba.

Choyamba si sipanala ayi, ndi masitandi oimikapo galimoto. Jeke ntchito yake ndi kunyamula basi. Ya hayidiloliki imadalira timalabala tating'ono m'kati mwake, ndipo tikatopa galimoto imatsika mosachenjeza. Kajeke kaja kobwera ndi galimoto anakapangira kusintha tayala m'mbali mwa msewu, osati kugwira galimoto inu mukukoka bawuti ndi mphamvu zanu zonse, mutu uli m'kati mwa madigadi. Njerwa ndi mabuloko a simenti nazo zimaphwanyika mwadzidzidzi. Gulani masitandi awiri a matani 2 kapena 3, ndipo muwerenge bwino chifukwa opanga ambiri amalemba kulemera kumene awiriwo amanyamula pamodzi. Atembenuzeni muone mowotcherera: pakhale posalala, popanda timabowo kapena malo odumphidwa. Ine ndimakonda aja oti pini yachitsulo imalowa pabowo n'kutulukira mbali inayo, kapena a mano koma okhala ndi pini yachiwiri yotsekera. Chifukwa chake chilipo. Mu 2020 kampani ya Harbor Freight ya ku United States inaitanitsa masitandi oposa miliyoni imodzi kuti abwezedwe, zitadziwika kuti kachitsulo kokola mano kankatha kuphonyoka galimoto ili pamwamba. Sitandi ya mano muziigwedeza musanaikhulupirire: kachitsuloko kalowe m'dzino mpaka pansi, osangokhudza kunsonga. Matayala otsala pansi muwatchinge kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo tayala limene mwachotsalo mulikankhire pansi pa galimoto. Limenelo ndi laulere, koma lapulumutsa anthu.

Tibwere ku chida chimene chikanapulumutsa ratchet yanu. Ndi chitsulo chachitali chopanda mano, chamutu wopindika, chimene ena amati breaker bar, ena power bar. Tengani cha mutu wolowa m'masoketi a theka la inchi, chotalika masentimita 45 mpaka 60. Ndi cha masentimita 60, bawuti ija ya 100 Nm imangofuna mphamvu yonga ya makilogalamu 17, ndipo mumakoka modekha, mukumva m'manja pamene bawuti yayamba kumasuka. Pochisankha yang'anani pamene mutu walumikizana ndi chogwirira, chifukwa ndi pomwe chimathyokera. Pini yake ikhale yonenepa, ndipo mutu usamagwedere uku ndi uku. Chimamasula manati a matayala komanso mabawuti a chonyamula kalipa. Bawuti ikangosuntha, ratchet imalandira ntchito.

Masoketi ndiwo ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Suzumirani m'kati mwa soketi. Ina ili ndi makona 6, ofanana ndi mutu wa bawuti, ina ili ndi makona 12 ngati nyenyezi. Ya makona 12 imalowa msanga pamalo opanikizika, n'chifukwa chake mabokosi otsika mtengo amadzaza zimenezo, koma imagwira bawuti kunsonga kwa makona. Bawuti ya mabuleki imakhala m'madzi, m'matope ndi m'moto, makona ake amakhala atadyeka kale ndi dzimbiri. Mukaikapo soketi ya makona 12 n'kukoka, imaterereka, makona aja amasalala, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse. Pa mabuleki gulani za makona 6 zokhazokha. Muonenso ngati m'makona mwa soketiyo mwakumbidwa mozungulira pang'ono. Kapangidwe kameneko kamachititsa kuti soketi ikankhe m'mbali mwa mutu wa bawuti, pamene chitsulo n'chochindikala, n'kusiya makona. Kampani ya Snap-on ndiyo inatchukitsa njirayi ndi dzina loti Flank Drive, ndipo lero opanga ambiri abwino ali nayo ndi maina awoawo.

Za chitsulo chake, muona zilembo ziwiri. Cr-V ndi chrome vanadium, chitsulo cha masoketi onyezimira ogwiritsa ntchito ndi manja. Cr-Mo ndi chrome molybdenum, chimene kawirikawiri amapangira masoketi akuda, ochindikala, a makina omenya aja otchedwa impact wrench. Akudawo amawasiya ofewerapo dala kuti akamamenyedwa asaphulike. Soketi yakuda mutha kuigwiritsa ntchito ndi manja popanda vuto, bola ikwane pamalopo. Yonyezimira musaiike pa makina omenya, imang'ambika ndipo tizidutswa timauluka. Koma ndikuuzeni zoona: zilembo Cr-V pazokha sizikutsimikizirani kanthu, chifukwa ngakhale chida chachabechabe amachidinda zimenezo. Kusiyana kuli pa mmene chitsulocho anachiotchera ndi kuchiziziritsa, ndi pa kulondola kwa muyeso. Zoyambazo simungazione ndi maso. Muyeso mutha kuuyesa. Nyamulani bawuti yatsopano ya mutu wa 14 mm m'thumba popita kogula, muilowetse m'soketi ndi m'sipanala n'kuigwedeza. Ikamasewera kwambiri, chisiyeni chidacho ngakhale chinyezimire bwanji.

Masaizi ake si ambiri. Galimoto za ku Japan zimazungulira pa 8, 10, 12, 14, 17, 19 ndi 21 mm. Corolla yanu manati a matayala ndi 21, mabawuti a mapini a kalipa kawirikawiri ndi 14, pena 12, ndipo a chonyamula kalipa ndi 17. Za ku Ulaya zimakonda 13, 15, 16 ndi 18, ndipo makalipa ambiri a Volkswagen, BMW ndi Ford amamasulidwa ndi Allen key ya 7 mm, saizi imene mabokosi ambiri amaidumpha. Mukadzasintha galimoto mudzagule imeneyo ya mtundu wa soketi, osati kachitsulo kopindika kaja.

Ratchet yatsopano ikhale ya 3/8 ya inchi, yomwe imalowa bwino kuseri kwa kalipa. Ya mano 72 imakola mukangoisuntha madigiri 5, pomwe ya mano 36 imafuna madigiri 10, ndipo pamalo opanikizika kusiyanako mumakumva. Itembenuzeni muone ngati kuseri kwa mutu kuli timasikuluwu kapena kawaya kotsekera. Ngati tilipo ndiye kuti imatseguka, mutha kuitsuka, kuithira oyilo, ndipo opanga abwino amagulitsa mano ake apadera. Ratchet yotero imatha kukhala moyo wanu wonse. Yomatidwa yosatseguka ikafa yafa.

Masipanala wamba, aja a kamwa mbali ina ndi mphete mbali ina, mufunika ochepa a masaizi omwewo. Pa makalipa ena pini imazungulira limodzi ndi bawuti, ndiye mumafunika sipanala yopyapyala yoigwirira. Sipanala yabwino imachita kusulidwa pa chitsulo chamoto ndi nyundo ya makina, ndipo ena amalemba "drop forged" pa chogwirira. Yochita kuumba imakhala yonenepa koma yophweka, kamwa lake limayasamuka. Shifiting'i sipanala isayandikire mabuleki.

Pali sipanala imodzi imene ndimapempha aliyense kuti agule yodula ngakhale zina zonse zikhale zamba. Ndi ya mapaipi a mabuleki, imene amati flare nut spanner. Imaoneka ngati mphete ya makona 6 yodulidwa kampata kongokwana paipi kudutsa, choncho imakumbatira nati pafupifupi mbali zonse m'malo mwa mbali ziwiri. Manati a mapaipi amenewa ndi achitsulo chofewa, ndipo ndi obooka pakati. Ndikukumbukira ndili wophunzira, ndinaika sipanala ya kamwa ya 10 mm pa nati ya paipi yolowa m'silinda ya kumbuyo. Ndinakoka, ndinamva kufewa m'manja, ndinasangalala kuti yamasuka. Nditachotsa sipanala ndinapeza nati ili pomwepo, makona awiri atasalala, chitsulo chatsopano chikunyezimira pamene panali dzimbiri. Ndinayesa mbali ina, zomwezo. Mapeto ake tinadula paipi yonse n'kupanga ina, galimoto ya mwini wake inagona pa masitandi, chifukwa cha nati yaing'ono ngati chala. Flare nut spanner yotsika mtengo imachita chimodzimodzi, chifukwa kampata kaja kamayasamuka mukakoka. Tengani ya 10 mm ya Toyota yanu, ndipo 11 mm ndi ya galimoto zambiri za ku Ulaya. Nsagwada zake zikhale zochindikala. Maina odalirika pa zida zotere ndi monga Gedore, Hazet ndi Stahlwille a ku Germany, Facom ya ku France, KTC ndi Tone a ku Japan. Mukapeza yakale yogwiritsidwa kale ntchito ya maina amenewa, kamwa lili bwino, itengeni mosakayika. Imaposa yatsopano yopanda dzina. Chenjerani ndi zonamizira: zilembo zosadindika bwino ndi utoto wonyezimira wosupuka ndi zizindikiro zake.

Kanipo kotulutsira mpweya, kaja timamasula pobulida mabuleki, ndi kosalimba kuposa pamenepo. Kali ndi bowo pakati ndipo kamathyokera m'kati mwa kalipa. Kamasuleni koyamba ndi soketi yaing'ono ya makona 6, ya 8 kapena 10 mm, mutakapukuta ndi bulashi ya waya n'kukathira mafuta olowerera dzimbiri, kenako mudikire. Osakakamiza.

Tsopano torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira bawuti. Anthu ambiri amati dzanja lawo limadziwa. Dzanja langa lagwira mabawuti osawerengeka, koma pa mabuleki ndimayesabe. Mabawuti a mapini a kalipa amafuna mphamvu yochepa, pa galimoto zambiri pakati pa 25 ndi 35 Nm, ndipo munthu wamantha amawamanga mpaka kudya mazinga kapena kuwadula. Manati a matayala a Corolla amafuna 103 Nm. Mukawamanga mosiyanasiyana, ina yothina kwambiri ina yochepa, disiki imakhala mopendekeka pang'ono, imadyeka mosafanana, ndipo pakapita miyezi chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukaponda buleki. Nambala zenizeni za galimoto yanu muzitenge m'buku lake lokonzera, chifukwa zimasiyana ndi chaka ndi mtundu.

Apa pali msampha. Torque wrench yolira "tiki" imalondola kuyambira pa 20 peresenti ya mphamvu yake yonse kupita m'mwamba. Ndiye yaikulu yofika 200 Nm ndi yabwino pa matayala ndi pa chonyamula kalipa, koma pa 30 Nm simungaidalire. Ngati thumba lilola, mufunika ziwiri: ya theka la inchi yoyambira pa 40 kufika 200 Nm, ndi yaing'ono ya 3/8 yofika cha m'ma 60 Nm. Ngati simungathe zonse nthawi imodzi, yambani ndi yaikulu, yaing'ono mubwereke. Funani yokhala ndi kapepala ka muyeso wake ndiponso yotchula ISO 6789, lamulo limene limalola kuphonya kosapitirira 4 peresenti pa ma torque wrench otere, ndi kulangiza kuti chidacho chiyesedwenso pakatha miyezi 12 kapena chikalira ka 5,000. Nambala zikhale zozokota pa chitsulo, osati za utoto zofufutika ndi girisi. Kukhalitsa kwake kuli m'manja mwanu. Musamasulire bawuti, musaigwetse, ikalira kamodzi lekani kukoka, ndipo mukamaliza ibwezeni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i ya m'kati ipume. Palinso ya mtundu wakale ya muvi woloza pa sikelo. Ilibe sipuling'i yoti itope, ndi yotsika mtengo, ndipo muvi ukakhala pa ziro ndiye kuti ili bwino. Vuto lake n'loti muyenera kuiyang'ana maso ndi maso pokoka, zomwe zimavuta kuseri kwa kalipa.

Pobweza pisitoni m'kati kuti mapadi atsopano akwane, simufunika chida chodula. G-clamp, chopanira chamazinga chooneka ngati chilembo G, ya masentimita 15, ndi padi yakale yotsamiritsa pa pisitoni, zimakwana. Kumanga pang'onopang'ono ndiyo njira yake, mukuyang'ana kabotolo ka brake fluid, madzi a mabuleki, kuti kasasefukire, chifukwa madzi amenewo amasupula penti. Koma mvetsani ichi: makalipa akumbuyo amene handibuleki yake imakoka pa kalipa pomwepo, pisitoni yake sikankhidwa, imachita kupotokoledwa ikulowa. Mudzaidziwa ndi timipata tili pankhope pake. Imeneyo imafuna chida chake chopotokolera, ndipo mukaipanikiza ndi G-clamp mwaononga kalipa. Galimoto za handibuleki ya batani zimafuna kuti kamota kake kabwezedwe kaye ndi kompyuta kapena ndi njira yolembedwa m'buku lake.

Ma Corolla akale ambiri kumbuyo ali ndi madiramu. Kumeneko mdani ndi masipuling'i. Anthu amawakoka ndi pulayasi wamba kapena sikuludiraiva, sipuling'i n'kuthawa kulunjika kumaso. Pulayasi ya masipuling'i a mabuleki ndi kachida kopotokolera timbale togwira mashuzi n'zotsika mtengo, ndipo zamba zimakwana popeza muzizigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Magalasi oteteza maso ndiwo musasiye. Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni, ndipo muzimaliza mbali imodzi inayo ili yomanga kuti muzionera. Diramu ikakana kutuluka, yang'anani timabowo tiwiri ta mazinga pankhope pake. Pa Toyota zambiri mumalowetsamo mabawuti a M8, a mazinga a 8 mm, n'kumamanga mosinthanasinthana, diramu imadzikankha yokha. Mabawuti awiri amenewo amagwira ntchito imene ena amaichita ndi hamala mpaka kung'amba diramu.

Mukadzakumana ndi galimoto yonga Honda, imene disiki yake imagwidwa ndi timasikuluwu, musatiyambe ndi sikuludiraiva ya Phillips. Mutu wake umaoneka ngati mtanda womwewo koma ndi wa muyeso wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo Phillips imatumphuka n'kudya mutuwo. Pamafunika impact driver ya manja, ija mumaimenya ndi hamala iyo n'kupotokola. Kampani ya Vessel ya ku Japan imapanga nsonga zokwana bwino pa masikuluwu amenewa.

Zotsalazo musavutike nazo mtima. Bulashi ya waya yochotsera dzimbiri pamene mapadi amatsetsereka ndi pamene disiki imakhala. Kawaya kolimba kopachikira kalipa ku sipuling'i ya galimoto, kuti isalendewere pa paipi yake ya labala. Kapaipi koonekera m'kati ndi botolo pobulida. Hamala yolemera pang'ono. Vernier kapena micrometer yoyezera disiki, chifukwa disiki iliyonse ili ndi nambala yodindidwa m'mphepete kapena pakati, nthawi zambiri ndi zilembo MIN TH, ndipo ikapyapyala kuposa pamenepo mapadi atsopano sathandiza. Vernier wamba imanama chifukwa imakhala pa kamlomo kosadyeka ka m'mphepete mwa disiki, ndiye muziyeza m'kati pamene padi imadya. Pa mapini a kalipa pakani girisi ya silikoni kapena ina yolembedwa kuti ndi ya mabuleki. Girisi wamba imafufumitsa timalabala ta mapini, pini imagwira, padi imodzi imatha inzake ikadali yatsopano. Fumbi la mabuleki musalipemerere ndi mpweya wa kompulesa kapena ndi pakamwa. Mapadi ndi mashuzi ena akale komanso ena otsika mtengo amakhala ndi asbestos, amene amaononga mapapo. Litsukeni ndi brake cleaner kapena nsanza yonyowa.

Brake fluid ikadontha pa zida muzipukute tsiku lomwelo. Mitundu yake ya DOT 3 ndi DOT 4 imayamwa chinyezi cha mumpweya, ndiye sipanala yosiyidwa yonyowa nayo imachita dzimbiri, ndipo botolo lotsegulidwa kalekale siliyeneranso kuthiridwa m'galimoto. Zida zonse muzizipukuta ndi kansanza ka oyilo pang'ono ndi kuzisunga pouma, torque wrench m'bokosi lake.

Mukanati mugule mwezi ndi mwezi, ndikanati muyambe ndi masitandi, breaker bar ndi masoketi asanu kapena asanu ndi limodzi a makona 6, chifukwa ndi zimenezo mutha kale kusintha mapadi akutsogolo, torque wrench mutabwereka. Kenako torque wrench yanuyanu ndi ratchet yabwino. Flare nut spanner igulidwe tsiku loyamba limene mwaganiza zokhudza paipi lisanafike. Bokosi lanu lakale musalitaye, masipanala ake agwirabe ntchito zopepuka za m'injini ndi zapakhomo.

Ndipo tsiku limene mwasintha mapadi, mwamanga matayala, mwatsitsa galimoto pansi, musalize injini n'kunyamuka. Pisitoni ija munaibweza m'kati ili kutali ndi mapadi, ndipo kuponda koyamba phazi limapita mpaka pansi popanda buleki. Pondani mobwerezabwereza galimoto ili chiimire mpaka pedulo ilimbe, onani mlingo wa brake fluid, suzumirani kuseri kwa tayala lililonse ngati pali podontha, kenako muyese pa liwiro la munthu woyenda pansi pamalo opanda anthu. Pedulo ikakhala yofewa ngati siponji, kapena ikamamira pang'onopang'ono mutaipondereza, galimotoyo isalowe mumsewu mpaka makaniko wodziwa mabuleki aione.